Mafakitale osawononga chilengedwe: abweretsa ntchito kapena atilanda? Mafunso ndi mayankho

Mawu akuti "chitukuko chosawononga chilengedwe" amamveka kwambiri nduna ikamadula riboni, kapenanso mu Disembala nyengo yodzala mitengo ikamatsegulidwa. Koma munthu amene watsika ku Dzalanyama usiku ndi matumba atatu a makala panjinga ali ndi funso lake, ndipo mayi wogulitsa majumbo mumsika wa Limbe ali ndi lomwelo: mukatiletsa, tidya chiyani? Mafunso ali m'munsimu akuchokera pamenepo.

Kodi mafakitale osawononga chilengedwe ndi ati kwenikweni?

Ndi ntchito zopanga katundu kapena mphamvu m'njira yosamaliza nkhalango, yosaipitsa mitsinje, yosadzaza utsi mumlengalenga. Magetsi a dzuwa, a mphepo ndi a madzi ali m'gululi. Momwemonso ethanol wochokera ku nzimbe, mbaula zosatha nkhuni, makala opangidwa kuchokera ku mitengo yodzala kapena ku zinyalala za m'munda, njerwa zosaotcha, ndi ntchito yotola mapulasitiki ndi zitsulo kuti zisungunulidwenso. Si zonse zili ndi chipupa ndi mlonda pageti. Gulu la amayi loumba Chitetezo Mbaula pansi pa mtengo wa mango nalonso ndi fakitale, kungoti ndi yaing'ono.

Timamva kuti ntchito zotere zikuchuluka padziko lonse. Ndi zoona?

Ndi zoona, koma funsani kuti zikuchulukira kuti. Bungwe la IRENA, lomwe limawerengera za mphamvu zosatha, linapeza kuti mu 2023 anthu 16.2 miliyoni ankagwira ntchito m'gawoli, kuchoka pa 13.7 miliyoni chaka cha 2022. Mwa 16.2 miliyoniwo, 7.4 miliyoni anali ku China kokha. Africa yense, ndi dzuwa lake lonseli, anali ndi ntchito pafupifupi 324,000.

Chifukwa chake n'chosavuta. Ntchito zambiri zokhalitsa zili kumene mapanelo, mabatire ndi mawaya amapangidwa. Ife timagula zopangidwa kale, kuzitsitsa pa doko la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, kenako kuzimanga. Wopanga amalandira malipiro mwezi ndi mwezi. Womanga amalandira mpaka tsiku limene wamaliza kumanga.

Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linanenapo mu 2018 kuti dziko lapansi likatsata njira yochepetsa utsi, pofika 2030 pangadzabadwe ntchito 24 miliyoni pomwe 6 miliyoni zingadzathe. Masamu ake ndi osangalatsa. Chovuta n'chakuti anthu 6 miliyoni aja si amene adzalowe m'ntchito 24 miliyonizo. Amakhala kwina, anaphunzira zina, ndipo ambiri msinkhu wobwerera m'kalasi unawapitirira. Mfundo imeneyi muiona ikubwerabwera m'mayankho otsatirawa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Nanga minda ya sola ya ku Salima ndi ku Golomoti, yathandiza bwanji pa ntchito?

Munda wa ku Nanjoka m'boma la Salima, wa mamegawati 60, unatsegulidwa mu Novembala 2021 ndipo unamangidwa ndi kampani ya JCM Power ya ku Canada pamodzi ndi InfraCo Africa. Wa ku Golomoti m'boma la Dedza ndi wa mamegawati 20, ndipo uli ndi mabatire akuluakulu osunga magetsi. Ku Nkhotakota kuli winanso wa mamegawati 21. Onsewa amagulitsa magetsi awo kwa ESCOM.

Pomanga, anthu a m'midzi yozungulira amapeza maganyu ambiri: kulambula, kukumba, kuthira konkire, kunyamula, kuphikira ogwira ntchito. Kumanga kukatha, mapanelo safuna anthu ambiri. Pamatsala mainjiniya ochepa, alonda, otsuka fumbi ndi otchetcha udzu. Amene anakuuzani kuti munda wa sola uthetsa ulova m'boma lonse anakunamizani. Komanso malo amene mapanelo aima anali minda ya anthu, ndipo ndalama ya chipepeso imatha pomwe munda sutha.

Phindu lenileni lili kunja kwa mpanda. Kumbukirani 2022. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, omwe ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi a EGENCO, ndipo makinawo anadzayambiranso mu 2023. Wowotcherera zitsulo ku Mchesi ankakhala tsiku lonse manja ali m'thumba. Mwini chigayo ankagaya pakati pa usiku. Ometa, osoka, ogulitsa nsomba za mufiriji, onse analira. Masana a miyezi imeneyo, magetsi a dzuwa a ku Salima ndi Golomoti ndi amene anachepetsako ululu. Ntchito zimene sola anapulumutsa m'matauni sizilembedwa pa chikwangwani cha kampani, koma n'zambiri kuposa zimene zili mkati mwa mpanda.

Timagetsi ting'onoting'ono ta m'midzi timaonetsa zomwezo poyera. Ku Bondo m'boma la Mulanje anthu amatenga magetsi ku mtsinje wa Lichenya; kwa Sitolo ku Mchinji amawatenga ku dzuwa. Magetsi akangofika pamalo otere, chigayo chimatsatira, kenako malo otchajira mafoni, kenako wina wagula firiji wayamba kugulitsa mafirizesi. Pa kalembera wa 2018, nyumba 11 zokha pa 100 zilizonse ndi zimene zinkaunikira ndi magetsi a ESCOM. Malo oti ntchito zibadwe akadali aakulu.

Magetsi athu ambiri ndi a madzi. Si ndiye kuti tili kale m'njira yabwino?

Mbali ina inde. Nkula, Tedzani ndi Kapichira satulutsa utsi. Koma onse atatu ali pa mtsinje umodzi wa Shire, ndipo Mpatamanga amene akukonzedwa adzakhalanso pa mtsinje womwewo. Nyanja ikatsika, monga zinachitikira cha m'ma 2016 ndi 2017, magetsi amatsika nawo, ndipo boma limathamangira majenereta a dizilo obwereka pa mtengo wolira. Mapiri a ku Neno, Mwanza, Balaka ndi Blantyre akametedwa, dothi lonse limatsikira mu Shire, n'kukadzaza m'madamu, ndipo EGENCO imawononga ndalama kukumba matope ndi kuchotsa namasupuni. Ndiye thumba la makala limene mwagula chifukwa magetsi azima ndi lomwe likuthandiza kuti magetsi azizima.

Tiyeni tinene za makala. Boma likawathetseratu, anthu onsewa apita kuti?

Ili ndiye funso lalikulu kuposa onse m'dziko muno, ndipo aliyense amene akulankhula za chuma chosamala chilengedwe osatchula makala akungocheza.

Nyumba zoposa 95 pa 100 zilizonse zimaphikira nkhuni kapena makala. M'tauni, ngakhale amene ali ndi magetsi ndi kuka amasunga mbaula kuseri kwa chitseko. Kafukufuku wina wa mu 2007 anapeza kuti anthu oposa 90,000 ankadya kuchokera ku makala, ndipo kuyambira nthawi imeneyo matauni akula, osati kuchepa. Taganizani mndandanda wake: wodula mtengo, wokumba uvuni, wosoka matumba, wa njinga, wa lole, wogulitsa pikupiku, mayi wopima timapepala ta makala pakhomo pake. Ndi fakitale yathunthu, mwina yolemba anthu ambiri kuposa kampani iliyonse ya m'dziko muno, koma boma silitolerapo msonkho. Ndalama imene ikanapita ku thumba la boma imathera m'manja mwa anthu pa malo ofufuzira m'misewu, ndipo izi aliyense woyenda msewu wa Zalewa amazidziwa.

Boma layesa ukali. Asilikali anatumizidwa kukalondera Dzalanyama, komwe kumachokera madzi amene Lilongwe imamwa. Lamulo la nkhalango linasinthidwa mu 2020 kuti zilango zikhwime. Anthu amangidwa, njinga ndi magalimoto alandidwa. Makala sanasowe pamsika, anangokwera mtengo. Wowotcha makala si kuti sadziwa kuti phiri likutha. Amaliona tsiku ndi tsiku, ndipo chaka chilichonse amayenda mtunda wautali kuposa chaka chatha. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mtengo umene udzabweretse mvula kwa zidzukulu sungagule ufa wa lero.

Njira yake ndi yopangitsa kuti china chikhale chotchipa kuposa makala a m'nkhalango. Makala ovomerezeka alipo: kampani ya Kawandama Hills ku Viphya imawotcha kuchokera ku mitengo yodzala yokha ndipo ili ndi chiphaso. Alipo opanga makala a utuchi, a makoko a mtedza, a mankhusu a mpunga. Nsungwi zimakula msanga ndipo zimapereka makala abwino. Gasi akufalikira m'matauni, ngakhale kuti silinda ndi chitofu chake zimafuna ndalama yambiri pa tsiku loyamba, ndipo gasiyo timagula ndi ndalama zakunja. Vuto la onsewa ndi limodzi: amapikisana ndi munthu amene mtengo wake anaupeza ulere. Wodzala mitengo walipira malo, mbande, antchito, chiphaso ndi msonkho, ndipo wadikira zaka. Mpaka kusiyana kumeneku kutachepa, makala a chilolezo adzakhalabe a m'masitolo akuluakulu.

Ine ndimaona kuti ntchito zambiri zosamala chilengedwe m'Malawi zingachokere pano, osati ku mapanelo. Luso lowotcha, njinga, makasitomala, zonse anthuwa ali nazo kale. Chosowa ndi mitengo yawoyawo, mauvuni osawononga nkhuni zambiri, ndi chiphaso chimene munthu wamba angachipeze osagona masiku ku Capital Hill. Awa ndi amodzi mwa malo ochepa kumene wotaya ntchito yakale angakhale yemweyo wopeza yatsopano.

Kuletsa majumbo kunachotsa anthu ntchito?

Ena inde. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala, osafika ma micron 60, mu 2015. Makampani opanga anathamangira kukhothi, ndipo mwa zifukwa zawo ankati anthu pafupifupi 5,000 ataya ntchito. Khothi lalikulu la apilo linagamula mu Julayi 2019 kuti lamulolo ndi loyenera, koma ziletso zina zinatsatira, china pambuyo pa chinzake, mpaka kumayambiriro kwa 2025 pamene khothi linachotsa chomaliza ndipo bungwe loteteza chilengedwe la MEPA linayamba kutseka mafakitale ophwanya lamulo. Zaka khumi zinathera m'makhothi.

Zaka khumizo ndi zimene zinawononga kwambiri. Munthu amene akanatsegula fakitale ya mapepala olimba kapena zikwama za nsalu sakanayika ndalama zake pamene sankadziwa ngati jumbo ya ulere ibwerera mawa. Rwanda inaletsa mu 2008, Kenya mu 2017, ndipo kumeneko lamulo litangokhazikika anthu anadziwa pogwira. Dziwaninso kuti lamulo lathu silinaletse pulasitiki yense. Fakitale ikhoza kupanga majumbo okhuthala ndi makina omwewo atasinthidwa, antchito ake n'kukhalabe.

Pali mtengo wina umene suwerengedwa. Ngalande zikatsekeka ndi majumbo madzi amalowa m'nyumba ndi m'maokala. Ophera mbuzi amakuuzani zimene amapeza m'mimba mwa ziweto. Mtsinje wa Mudi mumaudziwa. Zimenezi amalipira ndi anthu amene sanalandireko phindu la fakitale. Koma mnyamata amene ankagulitsa majumbo pakhomo la msika sindingamuuze kuti zonse zili bwino. Zikwama zokhuthala munthu amagula kamodzi n'kumabwera nacho, choncho malonda ake achepadi. Atelala, oluka madengu ndi oluka zikwama za mlaza ndi amene apezapo mwayi.

Nanga njerwa zootcha?

Kuyambira 2018, malamulo a bungwe loona za zomangamanga la NCIC salola njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda. Mabuloko a simenti afalikira, ndipo m'mbali mwa misewu ya m'tauni muli anyamata ambiri oumba mabuloko amene zaka khumi zapitazo kunalibe. Kumudzi uvuni ukufukabe, chifukwa dothi ndi laulere pomwe simenti ikukwera mwezi ndi mwezi. Simenti nayonso si yoyera: kuipanga kumatulutsa utsi wambiri, ndipo mchenga wa mabuloko ukugumula magombe a mitsinje.

Pali chitsanzo cha fakitale yotere imene yakhalitsa kuno kwathu?

Ethanol. Anthu ambiri sadziwa kuti Malawi ndi limodzi mwa mayiko oyambirira mu Africa kusakaniza ethanol mu petulo. Kampani ya Ethco ku Dwangwa inayamba mu 1982, ndipo PressCane ku Chikwawa inatsatira mu 2004. Zonse zili pansi pa Press Corporation, ndipo zimagwiritsa ntchito madzi akuda okhuthala otsala shuga akapangidwa. Malamulo amalola kusakaniza mpaka magawo 20 pa 100, ngakhale kuti ethanol wake nthawi zambiri sakwana kufika pamenepo.

Chimene chikusiyanitsa ethanol ndi sola n'chakuti zipangizo zake zimamera m'dothi lathu. Mlimi wa nzimbe, wodula, woyendetsa thirakitala, wa mufakitale, woyendetsa thanki, onse ali konkuno, ndipo lita iliyonse ya ethanol ndi lita ya petulo imene sitinaigule ndi madola. Aliyense amene anagonapo pamzere wa mafuta akumvetsa kufunika kwake. Komabe walira mvula walira matope: nzimbe zimamwa madzi ambiri, zimafuna malo aakulu, ndipo mikangano ya malo ku Dwangwa ndi ku Chikwawa si ya dzulo. Madzi otsala pophika ethanol nawonso akapanda kusamalidwa amanunkha ndi kuwononga minda ya oyandikana nawo.

Ngati zonse za sola timagula kunja, si zikutithera ndalama zakunja?

Zikutithera, koma kamodzi. Jenereta imafuna dizilo tsiku lililonse la moyo wake. Panelo labwino limagwira ntchito zaka makumi awiri kapena kuposerapo. Batire ndiye limatha msanga ndipo ndilo lodula. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zipangizozi inalumpha, ndipo makampani ogulitsa sola pa ngongole yolipira pang'onopang'ono pafoni anapanikizika, poti amagula m'madola n'kumatolera makwacha. Boma linachotsapo misonkho ina pa zipangizo za sola, zomwe zinathandiza, koma zinatsegulanso khomo kwa katundu wachinyengo. Panelo lolembedwa mawati 200 lotulutsa theka lake ndi ndalama yakunja yotayidwa m'madzi.

Tikumva za migodi ya Kasiya, Kangankunde ndi Songwe. Ikukhudzana bwanji ndi nkhaniyi?

Galimoto zoyendera batire ndi makina a mphepo zimafuna miyala. Ku Kasiya, kufupi ndi Lilongwe, kuli rutile ndi graphite, ndipo graphite ndi amene amalowa m'mabatire. Ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku phiri la Songwe m'boma la Phalombe kuli miyala yosowa imene amapangira maginito amphamvu. Makampani a ku Australia ndi Canada ndi amene ali patsogolo pa ntchitozi.

Apa tisamale. Galimoto yosatulutsa utsi ku Oslo m'dziko la Norway ikhoza kusiya dzenje, fumbi ndi midzi yosamutsidwa kwa ife. Dziko la Congo limakumba pafupifupi magawo 70 pa 100 a cobalt wa dziko lonse, koma pitani mukaone mmene anthu a ku Kolwezi, tauni ya migodiyo, akukhalira. Ifenso tili ndi phunziro lathu: mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa mu 2009, unaima mu 2014 mitengo itagwa, ndipo anthu ambiri anabwerera kwawo; mgodiwo wadzayambiranso patapita zaka zoposa khumi. Migodi ya makono imagwiritsa ntchito makina ambiri kuposa manja. Ntchito zambiri ndi ndalama zambiri zili poyenga miyalayo, ndipo kuyengako pakali pano kwadzaza ku China. Kuti tiyengere konkuno pafunika magetsi ochuluka osazimazima, ndiye tabwereranso ku Shire.

Abale athu ali ku Joni akuti kumeneko akutseka malo opangira magetsi a malasha. Zikuyenda bwanji?

Zikuyenda mopunduka. South Africa imadalira malasha pa magetsi ake ambiri, ndipo migodi ya malasha yokha imalemba anthu pafupifupi 90,000, ochuluka mwa iwo m'chigawo cha Mpumalanga. Pa msonkhano wa zanyengo wa ku Glasgow mu 2021, mayiko olemera analonjeza madola 8.5 biliyoni othandiza dzikolo kusiya malasha, koma gawo lalikulu linali ngongole, ndipo America inatulukamo mu 2025.

Malo opangira magetsi a malasha a Komati anazimitsidwa mu Okutobala 2022. Antchito okhazikika ambiri a Eskom, kampani ya magetsi ya dzikolo, anasamutsidwira kwina. Amene anavutika ndi a makontirakiti, oyendetsa malole a malasha, a nyumba za lendi, amayi ophika chakudya pageti. Sola ndi maphunziro olonjezedwa zinachedwa, ndipo akuluakulu a boma lomwelo anavomereza pambuyo pake kuti zinthu anaziyambira kumapeto. Anatseka kaye, n'kuyamba kuganiza zolowa m'malo. Ndi zomwe timachita ndi makala, kungosiyana kukula.

Ndalama za kaboni zimene mabungwe amatchula, zimafika kwa anthu?

Zina zimafika. Makampani a kunja amalipira kuti utsi uchepe kuno, n'kumawerengera kuti achepetsa wawo. Ndalama zimenezi zathandiza kuti mbaula zosatha nkhuni zigawidwe kapena zitchipe, ndipo cholinga cha boma chofikitsa mbaula 2 miliyoni pofika 2020 chinayenda ndi thandizo lotere. Magulu oumba, ambiri a amayi, apezapo ndalama ya sopo ndi fizi.

Koma msikawu uli ndi mabala. Akatswiri a ku University of California, Berkeley anapeza mu 2024 kuti mapulojekiti ambiri a mbaula padziko lapansi ankakokomeza utsi umene apulumutsa, pafupifupi ka 9. Ogula akataya chikhulupiriro mtengo umagwa, ndipo woyamba kumva kuwawa ndi woumba. Mfumu kapena komiti ya m'mudzi isanasainire pepala lopereka nkhalango yawo ku pulojekiti ya kaboni, ifunse zaka zingati, ndalama zingati, zilowa mu akaunti ya yani, ndipo anthu adzaloledwabe kutola nkhuni ndi bowa kapena ayi. Pepalalo liwerengedwe m'Chichewa pabwalo.

Mwana wanga wamaliza Fomu 4. Aphunzire chiyani kuti adzapezeko ntchito m'gawoli?

Zamagetsi, choyamba. Makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA amaphunzitsa kulumikiza magetsi, ndipo ena ali ndi maphunziro a sola. Mzuzu University yakhala ikuphunzitsa za mphamvu zosatha kwa zaka zambiri kwa amene akufuna digiri. Akamaliza atenge chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, chifukwa ntchito za mabungwe, zipatala ndi sukulu zimafuna munthu wa mapepala.

Koma ndimulangize kuti asathamangire kumanga kokha. Omanga achuluka, okonza ndi amene akusowa. Yendani m'zipatala zing'onozing'ono ndi m'masikimu a ulimi wothirira muone mapanelo ndi mapampu a sola amene anafa chaka chachiwiri, opereka atapita, chifukwa cha kachipangizo kamodzi kamene palibe anadziwa kukasintha. Wodziwa kuyeza batire, kutsegula inveta ndi kutulutsa pampu m'chitsime sasowa kasitomala, ndipo alimi a tomato ndi anyezi amalipira msanga chifukwa mbewu siidikira. Awonjezere kuwotcherera zitsulo kuti azipanga yekha mafelemu ndi nsanja za mathanki. Mabatire akufa nawonso akuunjikana m'midzi, ana akuseweretsa mtovu wake, ndipo amene akuwatola pakali pano ndi ogula zitsulo zakale oyenda ndi sikelo panjinga.